Galimoto ikakana kulira chifukwa chokhuta petulo

Sitata ikuzunguza injini bwinobwino, geji ikusonyeza kuti mafuta alimo, koma galimoto yakana kulira. Mwina imachita ngati ikufuna kugwira, n'kutsokomola kawiri katatu, kenako zii. Mukatsegula chitseko mukulandiridwa ndi fungo la petulo wosapsa, makamaka chakumbuyo ku ekizozi. Zikafika apa ambirife timachita zofanana: kupopa faya ndi phazi, kupotoza kiyi mobwerezabwereza mpaka batire litafooka, kenako n'kuyamba kumwazamwaza maso kufuna anyamata oti akankhe. Chonsecho galimoto yotereyi siikusowa mafuta ayi. Yakhuta. Petulo wachuluka m'masilinda kuposa mpweya, mapulagi anyowa, ndipo chilichonse chowonjezera mafuta chikungokulitsa vuto. Amakaniko amati yapanga flooding.

Petulo akadali wamadzimadzi sayaka. Chimayaka ndi nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya, ndipo muyezo wake suli wachisawawa. Injini yotentha bwino imafuna makilogalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Mpweya ndi wopepuka, choncho pa lita imodzi yokha ya petulo injini imameza malita a mpweya okwana 9,000 kapena kuposa. Mafuta akapitirira pang'ono injini imalirabe, kungoti imafuka utsi wakuda uku ikukudyerani ndalama. Akapitirira kwambiri moto sugwira n'komwe.

Vuto limayambira pa injini yozizira. Zitsulo zikazizira, petulo wina sasanduka nthunzi, amakhala timadontho tomatirira m'njira za mpweya ndi m'makoma a masilinda. Kuti pakhale choyaka, opanga injini anakonza dala zoti poliza galimoto yozizira mafuta azilowa ochulukirapo. Pa galimoto zakale za kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ntchitoyi ndi ya choki, chimene chimatchinga njira ya mpweya. Pa galimoto za mainjekita, tizipangizo topopera petulo mu injini, monga ma Vitz, Passo, Sienta, Probox ndi Note amene adzaza mu msewu wa Masauko Chipembere aja, kompyuta imafunsa sensa yoyeza kutentha kwa madzi a injini, ndipo ikauzidwa kuti kwazizira imatsegula mainjekita nthawi yotalikirapo. Zonsezi zimayenda bwino moto ukagwira msanga. Ukachedwa, petulo wolowa uja satuluka yense, ndipo injini ikazungulira imathira wina pamwamba pake.

Choyamba kugonja ndi pulagi. Mukaitulutsa n'kuyang'ana kunsonga muona timano tiwiri tachitsulo tosiyana ndi kampata ka milimita imodzi kapena cha pomwepo, komanso kadongo koyera kokuta dzino lapakati. Magetsi ochokera ku koyilo, mavoti masauzande ambirimbiri, amayenera kudumpha kampata kameneko, ndipo kudumphako ndiwo moto umene umayatsa petulo. Koma magetsi amakonda chidule. Kadongo kaja kakadzaza mwaye n'kunyowa, magetsi amangotsetsereka pamwamba pake n'kukathera m'chitsulo cha injini osathetheka. Pulagi ya injini yokhuta imatuluka yakuda bii, ikunyezimira chinyezi, ndipo mukainunkhiza simufunsanso munthu.

Tcheraninso khutu mmene injini ikuzungulirira. Petulo amatsuka oyilo. M'makoma a silinda mumakhala kaoyilo kopyapyala kothandiza maring'i a pisitoni kutsekera mpweya kuti upanikizike. Petulo akachuluka amakokolola kaoyilo kameneka, mpweya n'kumapulumukira pansi, ndiye injini imazungulira mopepuka ndi mothamanga, osamveka kugunda kwake kwa masiku onse. Ena akamva izi amathamangira kunena kuti lamba wa timing waduka, chifukwa kamvekedwe kake n'kofananako. Musanavomere ntchito yodula choncho, yambani mwayesa njira yosalira ndalama.

Kuno ku Blantyre zimakonda kuchitika m'mamawa wa Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta mapiri a Soche ndi Ndirande. Njira yosavuta kwambiri yokhutitsira injini ndi iyi: mwaliza galimoto yozizira, mwaisuntha mamita asanu kuti anzanu a pa lendi atuluke pageti, mwazimitsa. Injini yalandira mafuta ochuluka a poyambira aja koma sinapeze mpata wowatentha onse. Mukabwera kudzaliza kachiwiri, kompyuta ikuonabe kuti kwazizira, ikuthiranso ena. Mafuta akasowa, mizere ya pa malo omwetsera mafuta nayo imawonjezera moto pa nkhaniyi. Galimoto imene yagona pa mzere ku Ginnery Corner kapena ku Limbe imalizidwa ndi kuzimitsidwa kosawerengeka, ulendo uliwonse kungosuntha malo a galimoto imodzi, batire likutsika osabwezeredwa, mapulagi akudzaza mwaye. N'chifukwa chake si zachilendo kuona galimoto itakanira pa pampu pomwepo itangomwa mafuta, mwini wake n'kumalumbira kuti am'thirira petulo woipa. Amene amakankha galimoto ndi manja pa mzere, malo akakhala athyathyathya, akupulumutsa zambiri kuposa mafuta okha. Angokumbukira kuti injini ikakhala yozima mabuleki amalimba ndipo chiwongolero chimalemera.

Mankhwala a injini yokhuta ndi mpweya. Mbaula ikazilala chifukwa makala athinana simuthira makala ena, mumakupiza, ndipo apanso n'chimodzimodzi. Choyamba siyani kiyi. Zimitsani magetsi, wailesi ndi fani kuti batire lipume, tsegulani boneti, dikirani mphindi 10 kapena 15. Petulo amauma yekha, ndipo ngati kukhutako kunali kochepa, kudikira kokhako kumatha nkhani. Masana a Okutobala amauma msanga, m'mawa wa chiperoni amachedwa.

Kenako khalani pampando, ikani giya pa P kapena pa fulii, kokani handibuleki. Pondani faya mpaka pansi penipeni musanagwire kiyi, phazi likhale pomwepo osagwedera, ndiyeno lizani. Zikumveka zokhota, chifukwa tonse tinaphunzira kuti faya ndiye mafuta. Koma chimene phazi lanu limatsegula kwenikweni ndi chitseko cha mpweya. Mafuta amachita kutsatira. Pa galimoto zambiri za mainjekita kompyuta inaphunzitsidwa kuti ikaona faya ali pansi pamene sitata ikuzungulira, ndiye kuti dalaivala akuchotsa mafuta okhuta, choncho imadula mainjekita kapena kuwachepetsa kwambiri. Mapisitoni amayamba kupopa mpweya wokhawokha, mpweyawo n'kumauluza petulo kupita ku ekizozi ndi kuumitsa mapulagi. Theka la faya silithandiza, ndipo kupopapopa kumasokoneza kompyuta: imaona ngati mukuliza mwa masiku onse, n'kupitiriza kuthira. Ngati galimoto yanu ndi yodina batani, phazi lamanzere likhale pa buleki, lamanja pa faya. Buku la galimoto limafotokoza zimenezi, kungoti mabuku ambiri amene timawapeza mu dashibodi analembedwa m'Chijapani. Ma hybrid, oyendera petulo ndi magetsi, monga Aqua ndi Prius achotseni pa nkhaniyi. Alibe sitata ya masiku onse, ndipo kompyuta ndiyo imasankha yokha nthawi yoliza injini.

Pa galimoto ya kabuleta, monga ma Nissan 1400 ndi ma Hilux akale amene akunyamulabe njerwa ndi mchenga m'ma Bangwe ndi m'ma Chirimba, phazi limachita zomwezo koma chifukwa chake n'china, ndipo kulakwitsa kumapweteka kwambiri. Mkati mwa kabuleta muli kapampu kamene kamalavula petulo nthawi iliyonse mukaponda faya, ngakhale injini ili chizimire. Kupopa kakhumi ndiye kulavula kakhumi. Choncho pondani kamodzi kokha, pang'onopang'ono, mpaka pansi, osabwezanso phazi. Choki chibwezeni mkati kuti njira ya mpweya itseguke yonse. Pamene munthu wazolowera kupopa kawiri m'mawa uliwonse kuti galimoto yake yakale idzuke, dziwani kuti mwambo womwewo ndi umene umaikhutitsa tsiku limene moto wa mapulagi wafooka. Akabaza a njinga zamoto lamulo ndi lomweli: tsekani kampopi ka mafuta, chotsani choki, potozani mkono wa moto mpaka kumapeto, menyani kiki kangapo. Njinga ikagwa kapena ikanyamulidwa chogona pa lole, petulo wa m'kambale ka kabuleta amakhuthukira mu injini, n'chifukwa chake imavuta kulira mukaidzutsa. Jenereta ya petulo ikakhuta pamene magetsi azima, tsekani mafuta, chotsani choki, kokani chingwe.

Musapitirire masekondi 10 pa ulendo umodzi. Sitata ndi kamota kamene kamakoka magetsi ochuluka zedi ndipo kalibe choziziritsira, ndiye mukakakamiza kamapsa, mavuto n'kukhala awiri. Pumani theka la mphindi kapena mphindi yathunthu, yesaninso phazi lili pansi chomwecho. Kawirikawiri injini imayamba ndi kutsokomola, kenako imagwira masilinda awiri ikunjenjemera, kenako onse. Ikangogwira bwezani phazi msangamsanga, chifukwa injini yozizira imene makoma ake atsukidwa oyilo siyenera kukuwa. Isungeni cha pa 1,500 kapena 2,000 pa geji ya kuzungulira kwa injini (rpm) mpaka kunjenjemera kutatha. Utsi wakuda ndi fungo zisakuopseni, ndi mafuta aja akutuluka. Chofunika n'chakuti musazimitse pomwepo. Yendani nayo mphindi 15 kapena 20 itenthe bwinobwino, mwaye upse pa mapulagi, batire libwezere. Ndipo zonsezi zichitikire panja, osati m'galaja yotseka, poti utsi wa ekizozi umapha mwakachetechete.

Mukayesa katatu kanayi osatheka, lekani, yafika nthawi ya sipanala. Mapulagi atuluke. Pa galimoto zing'onozing'ono za ku Japan bokosi sipanala ya pulagi imakhala ya mamilimita 16, zina 14, zakale 21. Musanamasule pukutani fumbi lozungulira mabowo lisagwere mkati, ndipo ikani chizindikiro pa makoyilo kapena mawaya kuti chilichonse chibwerere pamalo pake. Mukasokoneza mawaya pa injini ya distributor, chipangizo chogawira moto ku mapulagi, mudzakhala mukufufuza vuto limene mwalipanga nokha. Zulani fyuzi ya pampu ya mafuta kapena ya mainjekita, yolembedwa kuti EFI, masulani mawaya opita ku makoyilo, ndiyeno zunguzani injini masekondi ochepa mabowo ali pululu. Petulo amatuluka ngati nkhungu m'mabowomo. Apa ndiye pangozi penipeni pa ntchito yonseyi: pasakhale wosuta fodya, pasakhale waya wa pulagi wolendewera amene angathetheke, ndipo nkhope ikhale kutali.

Mapulagi apukuteni ndi kansalu, aumitseni padzuwa kapena ndi mpweya wa kompuresa ya opopa matayala. M'magalaja ambiri a pansi pa mtengo muona akuwawotcha pamoto, ndipo sindinganame kuti sizigwira ntchito, zimagwira pa mapulagi wamba akale. Koma kutentha kwadzidzidzi kumatha kung'alula kadongo kaja, ndipo moto pafupi ndi injini imene yangolavula petulo ndi kuputa tsoka. Mapulagi a iridium, amene nsonga yake ndi yopyapyala kuposa milimita imodzi, asakhulidwe ndi sandipepa kapena burashi yawaya. Akakhala otha, gulani ena a nambala yoyenera injini yanu, ndipo chenjerani ndi otchipa modabwitsa, achinyengo alipo ambiri. Pobwezera yambani ndi zala, sipanala ibwere kumapeto, chifukwa mutu wa injini zambiri ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kuphwanyika. Injini ikakhala kuti yataya kupanikiza chifukwa chotsukidwa, makaniko wodziwa amadontheza kaoyilo pang'ono, ngati kasupuni ka tiyi, m'bowo lililonse asanabwezere mapulagi. Kasupuni basi, osati kukhuthula botolo.

Mapulagi ali m'manja choncho, awerengeni, chifukwa amanena zoona kuposa munthu aliyense woima pa boneti. Onse akakhala onyowa, vuto ndi la injini yonse: moto palibe, kapena mafuta akubwera mopyola muyezo. Ikanyowa imodzi yokha, yang'anani koyilo kapena injekita ya silinda imeneyo. Akatuluka ouma pambuyo pozunguza injini nthawi yonseyi, ndiye kuti galimoto sinakhute n'komwe, mafuta sakufika. Pa galimoto zambiri mukatsegula kiyi osaliza, pampu ya mafuta imamveka ikung'ung'udza masekondi awiri chakumpando wakumbuyo, ndiye mvetserani. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa pali anthu amene galimoto ikangokana amathamangira kuthira petulo m'njira ya mpweya. Pa injini yokhuta kumeneko n'kuwonjezera matenda, ndipo ikabweza moto imawaula nsidze za wothirayo.

Nanga kukankha? Mzinda wathu ndi wa zitunda, ndipo madalaivala ambiri a ku Ndirande, Chilomoni ndi Zingwangwa amadziwa kuimika galimoto yoyang'ana kumtsetse. Pa galimoto ya magiya apamanja zimatheka: kiyi wotsegula, giya yachiwiri, kumasula kilatchi liwiro likakwana. Pa otomatiki musavutitse anyamata, siingalire, ndipo kuikoka ndi chingwe kumawononga giyabokosi. Ngakhale pa yapamanja, ine ndingasankhe kujampa ndi batire la galimoto ina. Petulo wosapsa akathamangitsidwira ku ekizozi amakayakira mu catalytic converter, chisa chija chimene chimatsuka utsi, ndipo chikatenthetsa chimasungunuka n'kutseka njira. Komanso batire lofooka ndilo limayambitsa kukhuta kwambiri. Injini ikamazungulira mwaulesi moto wa mapulagi umachepa pamene mafuta akulowabe. Batire labwino limasonyeza mavoti pafupifupi 12.6 galimoto itazima, ndipo poliza siliyenera kutsika kupitirira cha pa 10.

Kukhuta kamodzi mutasuntha galimoto pageti si matenda. Koma galimoto ya mainjekita imene ikukhuta sabata ndi sabata ili ndi chifukwa, ndipo apa m'pamene ndalama zimathera pa kulosera. Mukamva kuti, "Bwana, apa tisinthe mapulagi onse ndi makoyilo omwe," yankhani mwaulemu kuti, "Achimwene, tayambani mwaiika pa makina tione." Makina owerenga kompyuta ya galimoto amasonyeza kutentha kumene sensa ya madzi ikunena. M'mawa injini isanalire, nambalayo iyenera kufanana ndi mmene kunja kulili. Ikamanena -40, ndiye kuti sensa yafa kapena waya wake waduka, ndipo sensa yonama kuti kukuzizira imachititsa kompyuta kuthira mafuta a m'chisanu ku galimoto imene ili pa Wenela masana. Injekita yodontha imadziwika mwa njira ina: galimoto imalira bwino m'mawa, koma mukaima theka la ola pa Chichiri itatentha imavuta, chifukwa petulo wakhala akudonthera mu silinda nthawi yonseyo. Pa injini zakaleko pali kachipangizo kosunga mphamvu ya mafuta kokhala ndi kapayipi kopita ku njira ya mpweya. Mukazula kapayipiko n'kupezamo petulo, mphira wa mkati wang'ambika. Sefa ya mpweya nayo musaiiwale. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala m'misewu ya m'makwalala a Machinjiri limaitseka msanga kuposa mmene buku la ku Japan limayembekezera. Pa kabuleta wolakwa nthawi zambiri ndi kansingano kotseka mafuta m'kambale, kakagwidwa ndi kachitsotso, kapena choyandama chikabooka n'kumira. Petulo amasefukira, nthawi zina mpaka kudontha panja.

Pali chizolowezi china chimene ndimatsutsana nacho poyera: kuchotsa thermostat, kachipangizo kotseka njira ya madzi opita ku radiator mpaka injini itatentha. Galimoto ikangofika kuchokera ku doko ena amalangiza kuti ichotsedwe, ati inapangidwira mayiko ozizira. Zotsatira zake injini imachedwa kutentha, m'nyengo yozizira mwinanso osafika n'komwe pa muyezo wake, ndipo kompyuta imapitiriza kupereka mafuta ochuluka. Mapulagi amakhala amwaye nthawi zonse, kungodikira m'mawa umodzi wozizira kuti akane. Galimoto ikamatentha mopyola, wolakwa amakhala radiator, fani, pampu ya madzi kapena thermostat yakufa yofunika ina, osati kukhalapo kwake.

Malo ndi mafuta enieniwo zili ndi mbali yake. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kompyuta imadzikonza yokha, koma kabuleta yotcheredwa kumunsi imapereka mafuta ochulukirapo ikakwera kuno. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Payekha alibe vuto, koma ethanol amakoka chinyezi, ndiye petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amayamwa madzi. Wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu amathanso kukhala wosakaniza ndi parafini. Parafini sasanduka nthunzi msanga, amanyowetsa mapulagi ndipo sauma ngakhale mudikire ola. Zikatero njira ya faya siithandiza, thanki iyenera kukhuthulidwa.

Zonsezi ndi za petulo. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto, imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Minibasi ya dizilo ikavuta m'mawa n'kumafuka utsi woyera, yang'anani mahita otenthetsa masilinda poliza, batire, kapena mpweya wolowa m'mapayipi a mafuta. Ndipo galimoto imene yazimira m'madzi, kaya pa mlatho wosefukira wa Mudi nthawi ya dzinja kaya monga zinachitikira ambiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi nkhani ina kotheratu. Imeneyo musaigwire kiyi ngakhale kamodzi. Madzi sapanikizika, ndiye pisitoni ikakumana nawo mu silinda chimapindika ndi chitsulo cholumikiza pisitoniyo. Ikokedwe, mapulagi atuluke, madzi achotsedwe, oyilo asinthidwe.

Galimoto yokhuta ikalira, patsala chinthu chimodzi chimene ambiri amachidumpha. Petulo amene anatsuka makoma a masilinda sanapite yense ku ekizozi. Wina anatsikira pansi m'beseni la oyilo. Imikani galimoto pamalo olingana, zulani kachitsulo koyezera oyilo, pukutani, bwezerani, zulaninso. Ngati oyilo wakwera kupitirira chizindikiro chapamwamba pamene simunathiremo, kapena akuyenderera ngati madzi pakati pa zala uku akununkha petulo, wasungunuka ndipo sangateteze mabering'i. Petulo wochepa amauluka yekha injini ikatentha pa ulendo wautali, monga wopita ku Zomba n'kubwerako. Koma ngati munazunguza injini mpaka batire kutha, kapena injekita inali ikudontha kwa masabata, sinthani oyilo pamodzi ndi fyuluta yake tsiku lomwelo, ngakhale makilomita a sevisi asanakwane.